Mphunzitsi wa h-index yaikulu ndiye woyenera kumusankha?

Dokotala wina wachinyamata akufuna kuchita PhD pa matenda a ubongo ndi minyewa, ndipo aphunzitsi awiri avomera kumuyang'anira. Pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira zolemba za akatswiri, wina ali ndi h-index (nambala yoyezera mmene ofufuza ena amatchulira ntchito ya munthu) ya 64 ndi mapepala a kafukufuku oposa 300, winayo ali ndi 19 yokha. Bambo ake akuti palibe chovuta apa, angotenga wa nambala yaikuluyo. Iye mtima sunakhazikike, ndiye watifunsa.

Adokotala, bambo anu sakulakwa kotheratu. Munthu safika pa 64 ali chogona. Koma tiyambe tadziwa chimene nambalayi imawerenga. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi, mu 2005. Ngati munthu ali ndi 19, ndiye kuti ali ndi mapepala 19 omwe lililonse latchulidwa ndi ofufuza ena kosachepera ka 19. Nambalayi siitsika, imangokwera ndi zaka, ngakhale mwiniwake atasiya kale kufufuza. Choncho kuyerekeza amene wakhala pa ntchito zaka 30 ndi amene wangotha zaka 8 n'kumulakwira wachiwiriyu. Komanso Google Scholar imawerenga mowolowa manja kuposa masamba ena otere monga Scopus kapena Web of Science, ndiye onsewo muwayeze pa sikelo imodzi.

Nthambi ya kafukufuku nayo imasintha zinthu. Wofufuza za sitiroko kapena matenda a Alzheimer amawerengedwa ndi chikhamu cha anzake, pomwe wofufuza matenda osowa a minyewa akhoza kukhala katswiri weniweni koma omutchula n'kukhala ochepa chifukwa ogwira ntchitoyo ndi ochepanso.

Tsono chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu ndi ichi. Tsegulani PubMed, tsamba lofufuzira mapepala a zachipatala, lembani dzina la mphunzitsi aliyense, mutenge mapepala a zaka zisanu zapitazi, muone pamene dzinalo laima. M'zachipatala, dzina loyamba nthawi zambiri ndi la amene anagwira ntchito yaikulu ndi kulemba pepalalo, lomaliza ndi la mkulu amene anatsogolera. Apakatiwo anathandiza, ena kwambiri, ena pang'ono chabe. Pali mapepala akuluakulu, monga a Global Burden of Disease, kafukufuku wa kuchuluka kwa matenda pa dziko lonse, okhala ndi mayina mazanamazana ndipo amatchulidwa kambirimbiri. Kukhala pakati pa mayina amenewo kumakweza nambala msanga, koma sikukuuzani ngati munthuyo amadziwa kulera wophunzira. Mukaona dzina la mphunzitsi kumapeto ndipo koyambirira kuli ophunzira osiyanasiyana chaka ndi chaka, dziwani kuti pakhomo pamenepo ana amakula. Mayina ofanana amasokoneza, ndiye gwiritsani ntchito nambala yake ya ORCID, yomwe imasiyanitsa wofufuza ndi anzake, ngati ali nayo.

Za magazini, inde, kutulutsa pepala mu The Lancet Neurology kapena mu Brain, yomwe inayamba mu 1878, si masewera. Koma impact factor, nambala yosonyeza mmene mapepala a m'magazini amatchulidwira, ndi muyeso wa magaziniyo, osati wa pepala limodzi, ndipo n'chifukwa chake chikalata cha DORA, chomwe chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimaletsa kuweruza munthu ndi nambala imeneyo. Kutchulidwa kwambiri nakonso sikutanthauza kuti zolembedwazo n'zoona. Pepala lina la 2006 mu magazini ya Nature lonena za Alzheimer linatchulidwa koposa ka 2,000, koma mu 2024 linachotsedwa zitadziwika kuti zithunzi zake zinasinthidwa. Ndiye fufuzaninso dzina la mphunzitsi aliyense pa Retraction Watch, tsamba lolemba za mapepala ochotsedwa, sizitenga nthawi.

Mukatero sankhani mapepala awiri kapena atatu a aliyense muwawerenge mpaka kumapeto, ngakhale atakuvutani. Funso limene akufufuza likukukokani? Ntchito yawo inalowapo m'malangizo a kachizidwe ka odwala, monga a khunyu? Imeneyo ndi mphamvu imene h-index siionetsa bwino.

Kenako lemberani ophunzira awo akale, omwe mayina awo mwawaona kale pa mapepala aja. Afunseni kuti ankakumana kangati ndi mphunzitsiyo, ankadikira nthawi yaitali bwanji kuti awerengeredwe zolemba zawo, ndiponso ngati ndalama za kafukufuku zinakwanira mpaka kumaliza. Mayankho amenewo mukawaonetse bambo anu pamodzi ndi nambala zija, mukambirane.