Za phewa la azakhali

Halo msuweni... eeh, uthenga wako ndaumva. Ndinali ku msika wa Kapata, phokoso, ndiye ndinati ndikayankhe ndikafika kunyumba. Wafunsa kuti ugule mankhwala opaka ati a phewa la amayi ako, utumize pa basi ya Lachisanu. Iwe mkazi wanga wa chisuweni, ine ndimakudziwa. Nkhani yako si ya mankhwala opaka ayi. Mtima uli m'mwamba chifukwa cha zija za agogo, ukuganiza kuti ndi sitiroko, ndipo ndamva kale kuti ukufuna kuwapezera mtsikana wantchito kuti iwo angokhala pamphasa manja lende. Ndanama?

Ndinawaona Lamlungu. Pakamwa sipanapotoke, mawu akutuluka bwinobwino, ndipo pondipatsa moni anandifinya dzanja ngati kale. Koma duku akuwamanga ndi mdzukulu. Mkono sukufika kumutu, kumsana ndiye usanene, ndipo usiku akagonera mbali imeneyo tulo palibe.

Dikira... ukuwakumbukira amalume ako a ku Chadiza, atate aang'ono? Chaka chimene tinasamutsa khola... iyayi, chisanafike chimenecho, chaka cha ukwati uja unalephereka. Anagwa ndi njinga yawo ya Eagle ija, matumba awiri a mtedza pakaliyala, potsetsereka popita kudambo. Mkono thyo, pafupi ndi chigongono. Pulasitala masabata 6. Atachotsa pulasitala anawauza kuti ayambe kuupinda pang'onopang'ono, koma iwo, mmene umawadziwira muja, anaukoleka m'chitenje cha amayi aang'ono, mfundo pakhosi. Miyezi 3... kapena 4, chifukwa mvula inawapeza akadali nacho. Akuti fupa lingadzuke. Ukangoyandikira, “Choka mwana iwe, undigunda!” Iwe ndi amene unkawavula nsapato, usakane, unkapatsidwa nzimbe.

Tsiku lomasula chitenje, mkono uli gwa ngati mpini wa khasu. Mbamu ya nsima inkathera apa, pachifuwa, kukamwa osafika. Munthu wamkulu, nkhoswe ya banja lonse, kumadya ndi lamanzere. Pamaliro aja ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akudya okha, mbale pamwendo, akuweramitsa mutu kutsatira dzanja. Msuweni, zinandipweteka mumtima. Mpaka lero ndikakumbukira... eeh.

Ndine ndinawaperekeza kwa a physiotherapy, achipatala aja othandiza kuti ziwalo ziyambenso kuyenda bwino. Kuli kachipangizo konga marula awiri olumikizidwa pakati, amati goniometer, amakaika pachigongono n'kuwerenga madigiri. Chigongono chabwino chimapinda mpaka cha m'ma 145. Kuti munthu adye, asambe kumaso, amange batani la pakhosi, pamafunika cha m'ma 130. Cha atate aang'ono sichinafike ngakhale 90. Fupa linali litapola kalekale! Chinauma ndi nyama zozungulira polumikizana mafupa, chifukwa pamene sipayenda pamafupika n'kulimba. Anavutika miyezi yambiri akukoka, misozi ili mbwembwembwe, kuti dzanja lifikenso kukamwa. Kuwongoka kwenikweni ndiye sunawongokenso, waona mmene amagwirira chipewa m'tchalitchi.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya. Azakhali asaleke kuuyendetsa mkonowo. Nkhani yanga ndi imeneyo. Mtsikana abwere atunge madzi, asenze nkhuni, zolemerazo, koma kupesa, kusamba, kuvala, azichita okha mpaka pamene mkono ukufika.

Ine si dokotala, koma zikufanana ndi chimene amati frozen shoulder, phewa louma. Limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka azimayi, ndiponso a matenda a shuga, ndiye akayezetse shuga, paja kwathu kuno ulipo. Limayamba ndi ululu, kenako kuuma, kenako limamasuka pang'onopang'ono, ndipo zimatha kutenga chaka chimodzi mpaka zaka 3. Usadzaimbe pakatha sabata kuti bwanji sanachire, paja iwe phuma.

Kuyeza n'kosavuta. Aime moyang'ana khoma, zala zikwere ngati nyerere mpaka pamene zathera, mdzukulu alembe ndi khala. Achitenso ndi mkono wabwinowo kuti tione kusiyana. Sabata iliyonse chizindikiro chatsopano, atijambulire pa WhatsApp. Chinanso, wina awanyamulire mkonowo iwo atauleka lende. Ukakwera bwino ponyamulidwa koma okha akulephera, vuto lingakhale la minofu kapena mitsempha yokoka. Ukakakamira pomwepo ngakhale ponyamulidwa, ndiye kuuma kuja. Kusiyanitsa kwenikweni ndi kwa achipatala.

Asanayambe, kansalu konyika m'madzi ofunda paphewa, mphindi 10... ofunda, osati owira. Kenako awerame atagwira tebulo ndi dzanja labwino, wodwalawo ulendewere, uzizungulira pang'ono ngati akutakasa phala. Akatero agone chagada pamphasa, agwire ndodo ndi manja onse, wabwinowo uzikweza mnzake kupita kumutu. Pamene pakoka aime, awerenge mpaka 30, atsitse. Kawiri kapena katatu pa tsiku. Kumva kukoka n'kwabwino, koma kukabaya ngati singano abwerere m'mbuyo. Ndipo pasapezeke wina woukoka mwamphamvu kuti awongole kamodzin'kamodzi, ndikunena mlongo wako uja, umuuze. Phewa likatupa n'kutentha, thupi n'kutenthanso, kapena mkono ukafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka, pamenepo ndi kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Mankhwala opakawo gula ngati mtima wako ukufuna, amaziziritsa ululu pang'ono, koma phewa salimasula. Mkonowo uziyenda tsiku ndi tsiku, wamva? Lachiwiri ndikawatenga m'mawa tipite ku Chipata Central Hospital akawaone a physiotherapy, shuga akayezeretu komweko. Iwe tumiza ya transipoti pa foni. Chitenje pakhosi pa azakhali ndisachione, msuweni, asaukoleke mkono uja. Haya, mwana akulira uku, upereke moni kwa alamu.