Disiki yanu ili bwinobwino, GRUB ndi amene sakuidziwa

Achimwene, musafufutenso disikiyo kachitatu, yambani mwadikira. Mwanena kuti munaigawa ndi GParted (pulogalamu yogawira disiki) ya pa flash yatsopano, gawo la Linux munalipanga ext4 (filesystem, kutanthauza kasungidwe ka mafayilo pagawo), kenako munaika distro (mtundu wa Linux) yakale pang'ono yomwe munaizolowera. Zonse zinayenda mpaka kumapeto, pomwe grub-install, lamulo loikira GRUB (pulogalamu yoyatsa Linux kompyuta ikamayaka), inakana ndi mawu akuti "unknown filesystem". Chakuzunguzani mutu n'chakuti mukalowa ndi flash, gawo lomwelo likutseguka ndipo mafayilo onse akuoneka. Ndiye mukufunsa kuti ngati Linux ikuliwerenga, GRUB akulikana bwanji?

GRUB si Linux ayi. Nthawi imene iye akugwira ntchito, kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imakhala isanadzuke n'komwe, ndipo ntchito yake ndi yokaitenga kernel-yo pa disiki. Ndiye sangabwereke maso kwa munthu amene akupita kukamudzutsa. Ali ndi timadalaivala taketake towerengera disiki, ndipo kamodzi kotchedwa ext2.mod ndi kamene kamawerenga ext2, ext3 ndi ext4 yomwe. Nayo grub-install, ngakhale mumaiyendetsa muli mkati mwa Linux, imayesa gawo lomwe muli /boot pogwiritsa ntchito timadalaivala tomweto, pofuna kutsimikiza kuti kompyuta ikadzayaka GRUB adzatha kupeza mafayilo ake. Ikalephera, imakaniratu pompo.

Nanga ext4 ya lero yasiyana pati ndi ya dzana? Chakumayambiriro kwa gawo lililonse la ext4 kuli kamalo kotchedwa superblock, komwe kumalembedwa zinthu zonse zomwe zayatsidwa pagawolo. Zina mwa izo zili m'gulu la incompat, kutanthauza kuti pulogalamu yomwe sikuzidziwa isayerekeze kukhudza gawolo. GRUB amamvera lamuloli kwambiri: akangoona dzina limodzi lachilendo m'gulu limeneli, amabwerera pakhomo. Tsono mu February 2023 kunatuluka e2fsprogs 1.47.0, phukusi lomwe muli mkfs.ext4 imene GParted imaitana, ndipo linayamba kuyatsa lokha zinthu ziwiri pa ext4 yatsopano iliyonse, metadata_csum_seed ndi orphan_file. Choyambacho chili m'gulu la incompat. Kernel inachidziwa kalekale, kuyambira pa 4.4, n'chifukwa chake inu gawolo mukulitsegula osaona vuto. Koma GRUB 2.06, wa June 2021, sachidziwa. Anachidziwa pa 2.12 wa December 2023, ngakhale madistro ena anasokera chigamba chomwecho pa 2.06 wawo.

Choseketsa n'chakuti GRUB alibe nacho ntchito chinthuchi. Chimangothandiza kuti munthu asinthe UUID (nambala yozindikiritsa gawo) popanda kuwerengeranso ma checksum onse (manambala otsimikizira kuti zolembedwa sizinaonongeke), ndipo GRUB ma checksum amenewo sawayang'ana n'komwe. Chigamba chija sichinamuphunzitse chilichonse, chinangomuuza kuti akaona dzinali asathawe.

Ineyo zinandionekerapo. Ndinafufuta gawo kawiri konse ndi flash yomweyo, ndikumaganiza kuti disiki yayamba kufa, osadziwa kuti ulendo uliwonse ndikubwezeretsa ndekha chomwe chikukanidwacho. Inunso mukafufuta ndi flash yanuyo mubwerera pomwepa.

Musanandikhulupirire, onani nokha. Lowani ndi flash yatsopano ija, lembani lsblk -f kuti mudziwe dzina lenileni la gawo. Ine ndilemba /dev/sda2, inu muike lanu, ndipo ngati disiki ndi ya NVMe lioneka ngati /dev/nvme0n1p2. Kenako:

sudo tune2fs -l /dev/sda2 | grep features

Ngati pamzerewo pali metadata_csum_seed, wakuba tamugwira. Onetsetsani kuti gawolo silinamauntidwe, ndiye lembani izi motsatizana:

sudo e2fsck -f /dev/sda2
sudo tune2fs -O ^metadata_csum_seed /dev/sda2
sudo tune2fs -O ^orphan_file /dev/sda2

Kachizindikiro kosongoka m'mwambako ndi kamene kakuti zimitsa, musakaiwale. Mafayilo anu sakhudzidwa, komabe ngati muli zinthu zoti zikatayika mungalire, zikopereni kwina kaye. Lachitatulo si la GRUB, iye orphan_file sadandaula nayo. Ndaliika chifukwa e2fsck (chida chofufuzira zolakwika pa ext4) yakale ya mu distro yanu ikadzafuna kuyang'ana disiki idzakana, n'kumatchula FEATURE_C12, ndipo mudzabweranso pagulu pano ndi funso lina. Ndi chifukwa chomwechonso ndikuti muchite izi ndi flash yatsopano, pakuti zida zakale sizingazimitse chinthu chomwe sizikuchidziwa.

Zikatero, GRUB muyenera kumuikanso, popeza ulendo woyamba sanalowe. Apa mpamene ambiri amapunthwa kachiwiri, ndiye yambani mwaona ngati foda ya /sys/firmware/efi ilipo. Kompyuta imayaka m'njira ziwiri, UEFI kapena BIOS: fodayo ikakhalapo ndiye kuti flash yayaka mwa UEFI, ikasowa yayaka mwa BIOS yakale. Makompyuta ambiri amaonetsa flash imodzi kawiri pa menyu yoyatsira, kwina ndi mawu akuti UEFI kutsogolo, ndipo muyenera kusankha njira yofanana ndi yomwe mukufuna kompyuta izidzayakira.

Ngati ndi UEFI, payenera kukhala kagawo kakang'ono ka FAT32, kotchedwa ESP. Ndaonapo anthu akukapanga ext4 poganiza kuti pa Linux chilichonse chikhale cha Linux. Firmware ya kompyuta imawerenga FAT, ext4 siidziwa. Ngati pa disikipo pali Windows, kagawoka kalipo kale, kagwiritseni ntchito komweko koma osakafufuta. Mauntani /dev/sda2 pa /mnt, ESP pa /mnt/boot/efi, kenako /dev, /proc, /sys ndi /run muzilumikize mkatimo ndi mount --rbind. Ndikunenetsa --rbind chifukwa mukalumikiza /sys ndi --bind chabe, efivars, momwe muli zosunga za UEFI, imatsalira panja, ndipo mudzaona uthenga wakuti "EFI variables are not supported on this system" pa kompyuta yomwe UEFI ili nayo bwinobwino. Ndiye sudo chroot /mnt kuti mulowe mu distro ya pa disiki, kenako:

grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot/efi
update-grub

Lachiwirilo ndi la banja la Debian ndi Ubuntu. Pa madistro ena, monga Arch, mulemba grub-mkconfig -o /boot/grub/grub.cfg.

Ngati ndi BIOS, mauntani ndi kulowa chroot monga pamwambapa, kupatula ESP, ndipo lamulo ndi grub-install /dev/sda, disiki yonse, popanda nambala kumapeto. Koma disiki ikakhala yogawidwa mwa GPT (njira yatsopano yogawira disiki), pafunika kagawo ka 1 MiB kopanda filesystem iliyonse, ka mtundu wa EF02 mu gdisk kapena bios_grub mu GParted, poti mu MBR, kamalo koyambirira ka disiki, malo a code ndi mabayiti 440 okha ndipo core.img, chigawo chachikulu cha GRUB, singakwanemo.

Kena kakang'ono: Windows ikasowa pa menyu mukayatsa, musadzidzimuke, sinafufutike. Kuyambira pa 2.06 os-prober, yomwe imafufuza Windows ndi ma system ena pa disiki, imabwera yozimitsa. Ikani mzere wakuti GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub n'kuyendetsanso update-grub.

Kunena zoona, ndikanakhala ine ndipo palibe chondimangirira ku distro yakaleyo, ndikanangoika yatsopano yomwe ili ndi GRUB 2.12 kapena woposerapo, kapena kuilola installer ya yakaleyo ipange yokha ext4 ndi zida zake. Koma poti mwaika kale zonse, malamulo atatu aja ndi achidule kuposa kuyambiranso. Ngati metadata_csum_seed palibe pamzere uja, tumizani pano mzere wonsewo pamodzi ndi zomwe lsblk -f ndi grub-install --version zikuonetsa, tione dzina lina lomwe GRUB wanu akulithawa.