Msewu wa Siteshoni Kumene Kulibe Siteshoni

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala m'dera la m'mphepete mwa mzinda mmene muli msewu wotchedwa Station Road, koma siteshoni kapena njanji palibe. Mulinso nyumba zakale zofanana zomangidwa m'mizere, komanso mlatho wa njerwa umene pansi pake sipadutsa madzi. Kodi zimenezi zikusonyeza chiyani, nanga ndingatsate bwanji mbiri ya derali? — Wowerenga wanu

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Zonse zitatu zimene mwatchulazi zikuloza ku chinthu chimodzi, chakuti njanji ndiyo inayamba kufika pamalopo, ndipo misewu ndi nyumba zinachita kuitsatira. Dzina la msewu limakhalitsa kuposa chimene linatchulidwira. Ku Britain, lipoti la mu 1963 la Richard Beeching, yemwe anali mkulu wa bungwe loyendetsa njanji m'dzikolo, linachititsa kuti masiteshoni oposa 2,000 atsekedwe, koma mpaka lero Station Road ndi limodzi mwa mayina a misewu ofala kwambiri m'dzikolo.

Yambirani pa mlathowo, chifukwa ndiwo mboni yosanama. Sitima yamalasha sinkatha kukwera chitunda chachikulu kapena kukhota mwadzidzidzi, choncho omanga njanji ankakumba pokwera, n'kuunjika dothi potsika, kuti njirayo ikhale yosalala. Mukaima pa mlathowo n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri, mwina mudzaona chigwembe chachitali, kapena mzere wa dothi lounjikidwa umene ukukhota pang'onopang'ono, ndiponso misewu ingapo imene imathera pamzere womwewo popanda chifukwa chooneka. Pamenepo ndi pamene pankadutsa sitima. Pafupi ndi pamene panali siteshoni mufufuze maziko a thanki ya madzi, pakuti injini ya nthunzi inkamwa madzi ochuluka, komanso dzenje lozungulira limene ankatembenuzirapo injini ikafika kumapeto kwa ulendo.

Koma mbiri yokoma kwambiri ili m'nyumba za m'mizerezo. Kampani za njanji zinkaika malo okonzera injini kumene kunalibe anthu okwanira, motero zinkakakamizika kumangira antchito awo pokhala. Ku Swindon, tawuni ya ku England, kampani ya Great Western Railway inatsegula malo okonzera sitima mu 1843 ndipo inamanga nyumba pafupifupi 300 pafupi nawo. Misewu yake anaitcha mayina a mizinda imene sitima zawo zinkafika, monga Bristol, Exeter, Reading ndi Oxford, moti munthu woyenda m'deralo amakhala ngati akuwerenga ndandanda ya ulendo wa sitima. Malo okonzerawo anatsekedwa mu 1986, koma nyumbazo zilipobe ndipo anthu akukhalamo.

Nyumba zotere zimaululanso amene anali wamkulu ndi amene anali wamng'ono pantchito. Ku Swindon komweko, nyumba za kumapeto kwa mizere zinali zokulirapo ndipo zinkapatsidwa kwa akapitawo. M'mayiko olamulidwa ndi atsamunda kusiyanaku kunali kowawa kwambiri, chifukwa kunkatsata khungu. Nairobi inayamba mu 1899 ngati malo osungira katundu wa njanji yochokera ku Mombasa. Azungu oyang'anira anamangiridwa nyumba zotakasuka pamtunda, pamene antchito akuda anaikidwa m'tizipinda timodzitimodzi ku Muthurwa, pafupi ndi utsi ndi phokoso la sitima. Choncho mukamaona nyumba za kwanuko, muwerenge zitseko, muyerekeze kukula kwa mabwalo, ndipo muone kuti zazing'onozo zayandikana bwanji ndi pamene panali njanji.

Chenjezo langa ndi lakuti si mzere uliwonse wa nyumba zofanana umene unamangidwa ndi kampani ya njanji. Kuzungulira London, lamulo la mu 1883 lokakamiza kampani kuyendetsa sitima zotsika mtengo za antchito linachititsa amalonda wamba kumanga mizere yambirimbiri ya nyumba pafupi ndi masiteshoni, n'kumazichititsa lendi. Nyumbazo zinabwera chifukwa cha njanji, koma sizinali za njanji. Chimene chimathetsa mkangano ndi chikalata cha umwini wa malo, chimene chimasonyeza woyamba kugula malowo ndi chaka chake.

Mukamaliza kuyenda pansi, pitani kumalo osungira zolembedwa zakale kapena ku ofesi yoona za malo, mukapemphe mapu awiri kapena atatu a zaka zosiyana, ndipo muwaike pamodzi. Mudzaona msewu umene unayamba ndi umene unabwera pambuyo. Kenaka mukacheze ndi achikulire amene anagwirapo ntchito ya njanji kapena ana awo. Pa zaka amatha kuphonya, ndipo muzitsimikizira ndi mapu, koma ndi okhawo amene angakuuzeni kuti m'nyumba yakutiyakuti munkakhala woyendetsa injini, ndiponso dzina limene anthu ankautchula mlathowo sitima zikuyendabe.