Kodi ndi mwano kuvota mosiyana ndi bambo ako?

Mdzukulu wanga wa pa Lizulu, uthenga wako ndaumva. Ukuti bambo ako alamula kuti nyumba yonse izivotera kumene mudzi ukuvotera, pomwe iwe mtima wako uli kwina, ndiye ukufunsa ngati kutsata mtima wakowo ndi mwano. Ukutinso anzako a pamsika amakuseka chifukwa umakana kudzipaka penti ndi kukwera lole ya chipani.

Ndiyambe ndi bambo ako, chifukwa ana inu mumafulumira kunena kuti akuluakulu timangotsatana ngati nkhosa. Ayi ndithu. Voti ya munthu wamkulu imakhala ndi chipsera chake. Ife a ku Ntcheu tili m'chigawo chapakati, koma pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene maboma ambiri a pakati anasankha tambala wakuda wa chipani chimodzi, kuno ambiri tinasankha nyali ya zipani zambiri. Tinkakumbukira masiku amene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi alibe khadi la chipani. Tinkakumbukiranso mwana wa kuno, Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa MCP koma n'kudzanyongedwa mu 1977. Anthu amamunenera zosiyanasiyana, komabe kwa zaka zambiri dzina lake tinkalitchula monong'ona. Iwe unali usanabadwe, koma bambo ako anakulira m'mantha amenewo.

Tsono mvetsa apa. Mu 1994 dziko linagawikana poyera: kummwera Bakili Muluzi, pakati Kamuzu Banda, kumpoto Chakufwa Chihana, ndipo kuno ambiri tinatsamira kwa Muluzi. Mu 2009 tinatembenukira kwa Bingu wa Mutharika, osati chifukwa cha kwawo ku Thyolo, koma chifukwa makuponi a feteleza anadzaza nkhokwe. Mu 2019 tinati tili ndi mwana wathu, Saulos Chilima wa kwa Nsipe. Khoti litafafaniza chisankho chimenecho pa 3 Febuluwale 2020, Chilima n'kugwirizana ndi Lazarus Chakwera, zala zomwe zija zinakana tambala mu 1993 zinakachonga tambala yemweyo pa 23 Juni 2020. Mudzi umene bambo ako akuti uziutsatawo wasinthapo kangapo, ndipo nthawi iliyonse panali amene anayamba kuganiza mosiyana anzawo asanafike pamenepo.

Choncho si mwano. M'kachipinda kovotera salowamo bambo, salowamo mfumu, salowamo abusa. Lamulo linaika dala chinsinsi chimenecho, ndipo ife amene tinaona nthawi yopanda chinsinsi timadziwa mtengo wake. Mwano umayambira pena: kuwatsutsa bambo ako pamaso pa anthu, kuwatcha mbuli, kapena kupachika nsalu ya chipani chako pakhomo pawo kuti uwapsetse mtima. Khomo ndi lawo. Dikira madzulo atadya, ukhale pansi, uwafunse kuti, "Bambo, munayamba bwanji kukonda chipani chimenechi?" Udzamva nkhani zimene sunazimvepo. Akamaliza, ukhoza kunena zako mofatsa, kamodzi kokha. Akakwiya, usalimbane nawo. Pita kwa amalume ako, ndi ntchito yawo kuziziritsa zotere. Ndipo palibe chokukakamiza kuulula kumene wachonga. Kukhala chete si bodza.

Za penti zija wachita bwino, usagwedezeke. Mtima umandiwawa ndikaona mnyamata wa mphamvu zake, woti akananyamula matumba a kachewere n'kupeza yake ya sopo, akuthamanga kutsogolo kwa galimoto thupi lonse lili buluu kapena psuu, madzulo n'kupatsidwa kandalama ka kachasu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma amene amaponya mwala n'kugona m'chitolokosi ndi mwana wa mmphawi. Wandale ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame: msonkhano ukatha amakwera msewu wa M1 kubwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Iwe m'mawa mwake umayala kabichi wako pafupi ndi yemwe unamutukwana dzulo.

Dzinja lapitali ndinali pamaliro m'mudzi mwathu. Nditafika kumanda ndinapeza adzukulu ali m'dzenje, dothi lonyowa likumata makasu. Wina anavala malaya abuluu otha pakhosi, wina ofiira, ndipo amene ankatunga madzi anadzimanga chitenje chachikasu cha kalekale. Wabuluu atatopa anatambasula dzanja, wofiira n'kumukoka, n'kulandira khasu. Palibe anafunsa kuti malemu ankavotera ndani.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa iwe ndi china. Uthenga wako wonse wakamba za pulezidenti yekha, chonsecho kuyambira 2014 pa chisankho chachikulu timapatsidwa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Kodi khansala wa dera lako ukumudziwa dzina? Nanga phungu, unamuonapo liti pamsika nyengo ya kampeni itatha? Zimbudzi za pamsika, mjigo wowonongeka, mlatho umene umaduka mvula ikagwa kuti mbatata ziolere kumunda, zonsezi zimayambira kwa anthu awiriwa. Akadzabwera, usapemphe chitenje. Imirira mwaulemu, uwafunse kuti ndalama za chitukuko cha dera zinagwira ntchito yanji, ndipo bambo ako uwatenge akakhale pambali pako, chifukwa mlathowo mumawolokapo nonse.