Za nkhani pa timafoni takale tija

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona. Ndingolankhula, kulemba kunditengera nthawi. Wafunsa kuti mafoni akale aja a mabatani ankaonetsa bwanji nkhani za pa intaneti pa kasikirini kochepa choncho. Mmm. Koma iwe ndimakudziwa. Chakufunsitsa ndi nkhani ija unalemba ya laibulale ya pasukulu panu, unanditumizira Lachiwiri, ndinakuuza kuti yatalika, iwe n'kukhala duu masiku atatu. Usakane, kuyambira uli mwana ukakwiya umayamba kufunsa za zinthu zakutali.

Chabwino, ndiyambe ndi mafoniwo. Mu 1999 kunabwera WAP, njira yoti foni izitha kutsegula timasamba ta pa intaneti. Foni yotchuka nayo inali Nokia 7110, ija ya kachivundikiro kotsetsereka, yokhala ndi kagudumu kopukusa ndi chala. Sikirini yake inali ya timadontho 96 chopingasa ndi 65 chotsika, yopanda mitundu, moti munkalowa timizere tochepa chabe. Tsamba loonekera pa kompyuta silinkatseguka mmenemo ayi. Eni nyuzipepala ankachita kulemba lina lapadera m'chilankhulo chotchedwa WML, nkhani n'kuiduladula kukhala timakadi, ndipo foni ija sinkalandira zopitirira mabaiti pafupifupi 1,400 nthawi imodzi. Ndime zochepa chabe, basi yadzadza. Liwiro linali lochepa kwambiri, makilobiti 9.6 pa sekondi, ndiponso poyamba unkalipira pa mphindi ngati ukuimba foni, mpaka itabwera GPRS, njira ina yolumikizira foni ku intaneti popanda kuimba.

Aaa, wandikumbutsa amalume. Osati aang'ono, aakulu aja. Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbukira, tonse tinali kwa agogo. Amalume anali ndi Nokia yawo, 3310... ayi ndanama, 3310 inalibe intaneti, inali ina yofanana nayo, 3330. Ankaisunga m'kathumba ka pa lamba, mwana kungoikhudza ndiye kuti walakwira boma. Tsiku limenelo timu yawo inkasewera kutali, wailesi mabatire atha. Ndiye anatiitana tonse, magalasi atawatsitsira pamphuno, amvekere khalani pansi ndikuwerengereni zotsatira. Tinakhaladi, ngakhale amayi ako amene mpira sankaufuna n'komwe.

Adina. Tidikira. Kakadi koyamba katuluka, akuti bwalo linadzadza, kunja kunacha bwino. Adinanso. Tidikira, iwo akuyang'ana kumwamba ngati netiweki aiona ndi maso. Kachiwiri kakutchula mayina a osewera mmodzimmodzi, iwo akuwerenga mokweza, dzina lililonse akuliyamikira. Kachitatu akuti chigawo choyamba chinayamba mwaulesi. Pofika kachinayi, mayunitsi phwaa, atha. Zigoli osazimva. Anakhala chete nthawi yaitali foni ili m'manja, kenako anati, "Munthu ameneyu anali nawo mawu oti andiuze, koma anayamba ndi nyengo." Agogo anaseka mpaka kutsokomola, koma amalume sanaseke, zinawapweteka ndithu. Zotsatira anakazimva m'mawa kwa munthu wodutsa pamsewu.

Kuchokera tsiku limenelo anali ndi lamulo lawo. Akatsegula nkhani, kakadi koyamba kakapanda kunena chimene chachitika, ankatseka pomwepo. Ngakhale itabwera Opera Mini mu 2005, pulogalamu yotsegulira intaneti pa foni ija yomwe inkayamba yafinya tsamba pa makompyuta a kampaniyo isanalitumize ku foni kuti lipepuke, ife tikuti amalume, tsopano mutha kuwerenga yonse, iwo ayi. Mzere woyamba basi. Mpaka lero, kodi sunawaone pa gulu lathu lotumizirana mauthenga? Uthenga ukatalika amangoyankha kuti, "Ndiye mwati bwanji?"

Ndimati chiyani kodi... eya. Olemba nkhani anzeru anazindikira msanga za anthu ngati amalume. Zithunzi anachotsa, zokongoletsa za m'mbali anachotsa, mutu wa nkhani anaufupikitsa kuti usadye sikirini yonse. Koma chachikulu sichinali kuchotsa ayi, chinali kusankha choyamba. Chiganizo choyamba chinene kuti ndani wachita chiyani, kuti, liti. Zotsalazo zizibwera motsatana ndi kulemera kwake, kuti ngati pafunika kudula, udule kumchira popanda kupha nkhani. Atolankhani anali akuidziwa kale njira imeneyi kuyambira nthawi ya nyuzipepala za papepala, koma kafoni kaja kanaisandutsa lamulo, chifukwa kudina kulikonse kunali kudikira ndi ndalama za munthu, ndipo sunkadziwa ngati adinenso.

Ndiye nkhani yako ija. Ndi yabwino, ndikunena zoona, unaivutikira ndipo zikuoneka. Koma chimene chachitika, choti laibulale ya pasukulu panu yatsegulidwanso patatha zaka itatsekedwa, chili mu ndime yachisanu. Yachisanu, msuweni! Pamwamba wayamba ndi mbiri ya nyumbayo, kenako maganizo ako pa kuwerenga. Wabisa zigoli ngati munthu uja anakhumudwitsa amalume.

Udzati koma mafoni a lero ndi aakulu. Eya, kuyambira iPhone mu 2007 masikirini anakula, ndipo cha m'ma 2010 anthu anayamba kupanga masamba odzisintha okha molingana ndi kukula kwa sikirini. Koma wowerenga wako akadali ndi foni m'dzanja limodzi, mauthenga ena akulowa, wina akumuitana. Akupatsa mizere itatu kapena inayi, yomweyo ankapereka amalume.

Sindikuti ufupikitse zonse, mwina Lachiwiri sindinafotokoze bwino. Ndime ya mbiri ija ndaikonda, isachoke. Ingotsika pansi. Laibulale yatsegulidwa, tsiku lakuti, anathandiza ndi akutiakuti, chimenecho chikwere pamwamba penipeni, munthu akangowerenga mzere umodzi n'kutseka akhale atamva.

Ndiye chita chonchi. Uikonze usiku uno, uitsegule pa foni yako, osati pa laputopu, uone chimene chikuoneka usanasunthe chala. Ngati laibulale sikuoneka pamenepo, ibweze pamwamba. Ukatha uwatumizire amalume kaye, akapanda kufunsa kuti "ndiye mwati bwanji", unditumizire ine ndiwerengenso.