Piyano, kulemba ndi baseball: nditaye chiti?

Azakhali,
Ndine mnyamata wa kwathu ku Zomba, koma ndikugwira ntchito ku South Bend, m'dziko la America. Lamulungu ndimayimba piyano kutchalitchi, usiku ndimalemba nthano, ndipo kuno ndagwa m'chikondi ndi baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo. Amalume akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe chimodzi. Kodi akunena zoona?

Mwanangu,
Amalume ako sakunama, koma ine sindikuuza kuti utaye chilichonse. Ndikuuze kaye za munthu wina wa dziko lomwe ukukhalalo.

Charles Ives anabadwa mu 1874 ku Danbury, m'chigawo cha Connecticut. Ali ndi zaka 14 anali atayamba kale kuyimba limba kutchalitchi, ngati iweyo. Kusukulu anali woponya mpira m'timu ya baseball, ndipo atakula anapeka nyimbo ya piyano yomwe dzina lake analitenga ku mawu a baseball onena za woponya wamanzere. Ankalembanso. Mu 1920 anasindikiza ndi ndalama zake nyimbo yaikulu ya piyano pamodzi ndi buku lofotokoza maganizo ake pa nyimboyo. Zonsezi ankachita madzulo ndi kumapeto kwa sabata, poti masana anali muofesi ya inshuwalansi ku New York.

Koma usaone kukoma kokha. Mu 1918 thanzi lake linagwedezeka kwambiri, ndipo nyimbo zake zambiri zinakhala m'kabati zaka ndi zaka osamveka. Mphoto yaikulu ya ku America yotchedwa Pulitzer anailandira mu 1947, chifukwa cha nyimbo yomwe anaipeka zaka zoposa 30 m'mbuyomo. Nkhawa ya amalume ako ili pamenepa, ndipo ine ndikuimva.

Zinthu zitatuzi sizidya nthawi mofanana. Piyano ndiyo ya nsanje. Ndaphunzitsa ana ambiri a kwaya, ndipo ndimadziwa msanga amene wajomba sabata yonse: dzanja lamanja limathamanga ndi nyimbo, lamanzere likutsalira m'mbuyo, chala chachinayi chija n'kumakana kudzuka pa kiyi. Zala siziyembekezera munthu. Zipatse theka la ola tsiku lililonse, usanapite kuntchito, ngakhale pa kiyibodi yamagetsi utavala mahedifoni kuti aneba asadandaule. Yamba ndi dzanja lamanzere lokha, pang'onopang'ono, kenaka uphatikize. Theka la ola tsiku ndi tsiku limaposa maola anayi a Loweruka usiku pokonzekera mapemphero.

Kulemba kumapirira. Kabuku m'thumba, ndime imodzi pa nthawi ya nkhomaliro, basi nthano ikukula. Chimene ndikukupempha n'chakuti umalize imodzi usanayambe ina.

Tsono baseball. Apa ndiye pali dzenje. Mu ligi yaikulu ya MLB timu iliyonse imasewera magemu 162 pa chaka, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala, ndipo gemu imodzi imatenga maola awiri ndi theka kapena kuposa. Ukati uonere yonse, piyano ija idzasanduka poyikapo makapu. Anthu a ku America akhala akumvera masewerawa pa wailesi kuyambira m'ma 1920, akuphika kapena akuyendetsa galimoto. Chita chomwecho. Gemu yokhalira pansi n'kuonera ikhale imodzi pa sabata, makamaka yapabwalo la timu ya South Bend Cubs pafupi nawe pomwepo, ndipo upite ndi kabuku kako. Baseball imayenda mwachifatse, pakati pa kuponya ndi kuponya pamakhala mpata woti munthu aone nkhope za anthu ndi kumva zimene akukambirana. Wolemba amafuna zimenezo.

Ndipo pali nkhani imene ndikufuna kuiwerenga m'Chichewa, sindinaipezebe. Mu Epulo 2017 Gift Ngoepe wa ku South Africa anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, atavala yunifolomu ya timu ya Pittsburgh Pirates. Anakulira m'kachipinda ka pabwalo la baseball ku Randburg, komwe amayi ake ankagwira ntchito. Owerenga a ku Zomba sadziwa kuti woponya akaphonyetsa womenya katatu ndiye kuti womenyayo watuluka, kapena chifukwa chimene anthu amathamangira mozungulira ngodya zinayi. Iwe ukudziwa, ndipo chilankhulo uli nacho. Lemba nkhani ya Ngoepe, unditumizire mwezi usanathe, ndipo kope lina upatse amalume ako.

Azakhali