Zoom ikudukaduka mu ofesi: musathamangire kuonjezera intaneti

Achimwene, mwafunsa za ofesi yanu ya anthu 25 pa intaneti ya 20 Mbps: kodi mugawire munthu aliyense gawo lake, kapena muike traffic (zonse zomwe zimadutsa pa intaneti yanu) m'magulu kuti Zoom isamadukeduke? Ndaona ena akungoti onjezerani bandwidth, kutanthauza kugula liwiro lalikulu la intaneti. Mukhoza kulipira kawiri mwezi uliwonse vuto n'kukhalapobe. Kawirikawiri chomwe chimachitika ndi chakuti wina akayamba kukweza mafayilo aakulu ku Google Drive, mapaketi (tizidutswa ta deta tomwe timayenda pa intaneti) amaunjikana mu modemu n'kupanga mzere wautali. Amati bufferbloat. Paketi ya mawu imaima kumbuyo kwa mapaketi a fayilo, ndipo ikachedwa kupitirira 150 ms (mamilisekondi) ulendo umodzi, malire omwe ITU, bungwe la dziko lonse loona za kulumikizana, imalimbikitsa mu chikalata chake cha G.114, anthu pa msonkhano amayamba kulankhula modutsana.

Njira yosungira malo kulumikizana kulikonse payekhapayekha ilipo, IntServ ndi RSVP, ya m'ma 1990. Iiwaleni. Imafuna kuti rauta iliyonse m'njira izikumbukira kulumikizana kulikonse, n'chifukwa chake pa intaneti yaikulu sinafalikire. Mu 1998 kunabwera DiffServ, yomwe imaika chizindikiro cha DSCP, nambala yosonyeza gulu la paketiyo, pa paketi n'kusamalira magulu, mwachitsanzo mawu amapatsidwa EF, chizindikiro cha gulu lotsogozedwa, nambala 46. M'kati mwa ofesi yanu imagwira bwino. Koma chizindikirocho chikangotuluka pa geti lanu, makampani ambiri a intaneti amachifufuta kapena sachilabadira. Wina akabwera n'kukuuzani kuti akuikirani QoS (kutsogoza mapaketi ofunika kwambiri) yofika mpaka ku seva za Zoom, ndalama zanu musatulutse.

Chomwe ndikukuchenjezani kwambiri ndi kumanga munthu aliyense pa liwiro lokhazikika. Ndinaziona pa ofesi ina ya bungwe komwe ndinkathandiza. Katswiri yemwe anabwera poyamba anaikira kompyuta iliyonse 1 Mbps, osapitirira. Masana theka la anthu lili kumudzi kukagwira ntchito, intaneti yangokhala osagwiritsidwa ntchito, koma mayi wa zachuma akulephera msonkhano wa vidiyo ndi opereka thandizo chifukwa wamangidwa pa 1 Mbps yomweyo. Anavutika choncho pafupifupi mwezi wathunthu, mpaka ankapita kukachita misonkhano pa bandulo ya foni yawo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa intaneti inalipo, inangotsekeredwa.

Ine ndimakonda rauta ya kampani ya MikroTik, ya mtundu wa hEX kapena hAP. Kunja imagulitsidwa pa madola 60 mpaka 80 kapena cha pamenepo, kuno imakwera ndi msonkho komanso mtengo wa dola. Ikani RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rautayo, ndipo mugwiritse ntchito CAKE, njira yoyendetsera mzere wa mapaketi. Imachita zonse ziwiri zomwe mwafunsa: imagawa mofanana pakati pa makompyuta omwe akugwiritsa ntchito intaneti panthawiyo okha, komanso imatsogoza mawu ndi vidiyo ngati ali ndi DSCP. PCQ, njira ina yogawira intaneti, nayo imagawa bwino ngati muli pa RouterOS yakale. Yezani liwiro lenileni nthawi yotanganidwa, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kenako muike malire pa 90 peresenti yake, potsitsa ndi pokweza pomwe. Mukatero mzere umapangika mu rauta yanu, komwe mungathe kuulamulira, osati mu modemu.

Samalani ndi FastTrack, njira yachidule yodutsitsira mapaketi mu rauta. Imabwera yoyatsa kale mu firewall (malamulo achitetezo) ya MikroTik, ndipo traffic yodutsa mmenemo imalambalala ma queue anu, mizere yomwe mwaikira malire ija. Anthu ambiri amathera tsiku lonse akudabwa chifukwa chake malamulo awo sakugwira. Ngati intaneti yanu ndi ya LTE (ya netiweki ya mafoni), liwiro limakwera n'kutsika, ndiye malirewo muwatsitse pang'ono kuposa 90.

China, kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano muilumikize ndi waya, musadalire Wi-Fi. Ndipo rauta ndi modemu muziike pa UPS (batire yosungira magetsi) yaing'ono kuti magetsi akathima msonkhano usathere pakati.